Madam Walker: Mayi wochapa zovala amene adalemera ndi mankhwala a tsitsi

Mukafika pamsika wa Chiringa kwa T/A Nazombe m'boma la Phalombe, kapena pamsika wina uliwonse m'dziko muno, simungalephere kupeza benchi limene ayalapo mafuta ndi sopo wa tsitsi.

Mabotolo ena adalembedwa kuti ndi a kokonati, ena a nsatsi, pomwe ena ndi a tea tree. Onsewa amalonjeza zinthu zofanana: kuthetsa mfundu, kuletsa kuyabwa kwa m'mutu ndi kumeretsa tsitsi pomwe lidathothoka.

Koma ndi ochepa mwa ogula ndi ogulitsa amene amadziwa kuti malonda amenewa ali ndi agogo ake. Mmodzi mwa iwo ndi Madam C.J. Walker, mayi wachikuda wa ku America amene adayamba ngati wochapira anthu zovala koma adamwalira ali mpondamatiki.

Dzina lake lenileni lidali Sarah Breedlove. Iye adabadwa pa 23 December 1867 paesiteti ya thonje pafupi ndi tauni ya Delta m'chigawo cha Louisiana.

Makolo ake, Owen ndi Minerva, adali akapolo paesitetipo ndipo Sarah adali mwana wawo woyamba kubadwa ali mfulu, pakuti ukapolo udathetsedwa m'dzikolo mu 1865. Komabe ufuluwo udali wa pakamwa chabe. Banjali lidapitiriza kulima paesiteti yomweyo n'kumagawana zokolola ndi eni ake, mchitidwe wosasiyana kwenikweni ndi thangata amene makolo athu adamuona m'maesiteti a kuno kummwera.

Pofika zaka 7, Sarah adali mwana wamasiye. Adakakhala ndi mkulu wake Louvenia ku Vicksburg m'chigawo cha Mississippi, komwe adayamba kugwira ntchito za m'nyumba za anthu. Sukulu adangoilawa miyezi itatu yokha, nayonso ya kutchalitchi.

Pothawa nkhanza za mlamu wake, mtsikanayu adakwatiwa ndi Moses McWilliams ali ndi zaka 14. Mu 1885 adabereka mwana wamkazi, Lelia, koma patangotha zaka ziwiri mwamunayo adamwalira. Sarah adatsala wamasiye kachiwiri ali ndi zaka 20 zokha, mwana kumsana.

Apa adasamukira mumzinda wa St. Louis komwe alongo ake ankameta anthu. Kwa zaka zoposa 10 ntchito yake idali yochapa zovala pamanja ndipo tsiku likayenda bwino ankapeza dola imodzi ndi theka.

Ndi nthawi imeneyi pomwe tsitsi lake lidayamba kuthothoka. Vutoli silidali la iye yekha. Nyumba zambiri za anthu osauka zidalibe madzi a m'mipope kapena magetsi, choncho amayi ambiri ankatha mwezi osasamba m'mutu, makamaka nyengo yozizira. Sopo amene ankagwiritsa ntchito adali waukali, wowaula khungu. Zotsatira zake zidali mfundu, zilonda za m'mutu ndi dazi.

Cha m'ma 1903 Sarah adayamba kugwiritsa ntchito komanso kugulitsa mankhwala a tsitsi a mayi wina wachikuda, Annie Turnbo, amene pambuyo pake adatchuka ndi dzina loti Annie Malone ndi kampani yake ya Poro.

Mu July 1905 adapita mumzinda wa Denver akugulitsabe katundu wa Turnbo, uku akugwira ntchito yophika. Mu January 1906 adakwatiwa ndi Charles Joseph Walker, amene ankagwira ntchito yotsatsa malonda m'nyuzipepala. Dzina loti Madam C.J. Walker lidachokera pamenepa.

Chaka chomwecho adasiyana ndi Turnbo n'kuyamba kupanga mankhwala akeake otchedwa Wonderful Hair Grower, amene ankawagulitsa masenti 50 kachitini kamodzi, akuyenda khomo ndi khomo komanso m'matchalitchi.

Kodi m'kachitinimo mudali chiyani? Mwini wake ankauza anthu kuti kasakanizidwe kake adachita kulota, ndipo kuti zina mwa zosakanizazo zidachokera ku Africa. Turnbo naye ankadandaula kuti wophunzira wake adamubera nzeru.

Koma A'Lelia Bundles, mtolankhani wa m'banja lomwelo amene adalemba buku la mbiri ya Walker lotchedwa On Her Own Ground mu 2001, adaonetsa kuti mudalibe zamatsenga. Mudali sulufule, mchere wa kopa, phula la njuchi, mafuta onga Vaseline, mafuta a kokonati ndi zonunkhiritsa za maluwa zobisa fungo la sulufule.

Chilichonse chidali ndi ntchito yake. Sulufule ndi kopa zinkalimbana ndi tizilombo ta pakhungu, pomwe phula ndi mafutawo zinkafewetsa khungu ndi kugwira mankhwalawo kuti asachoke msanga. Kusakaniza sulufule ndi mafuta pochiza khungu kudalipo kale amayi awiriwa asadayambe malonda awo.

Chinsinsi chenicheni cha Walker chidali chiphunzitso chimene ankapereka pamodzi ndi kachitiniko. Iye ankalangiza amayi kuti azisamba m'mutu pafupipafupi, azisisita khungu la m'mutu ndi zala, kenako n'kupakapo mankhwala. Khungu likachira, tsitsi linkamera lokha.

Ambiri amakhulupirira kuti ndiye adayambitsa chipeso chamoto chowongolera tsitsi, koma si zoona. Chipesocho chidalipo kale ndipo iye ankanenetsa kuti cholinga chake chidali kuchiza khungu ndi kumeretsa tsitsi.

Malonda adakula mofulumira. Mu 1908 adatsegula sukulu yophunzitsa kusamala tsitsi ya Lelia College mumzinda wa Pittsburgh. Mu 1910 adasamukira ku Indianapolis, mzinda wokhala ndi njanji zambiri, komwe adamanga fakitale. Mu 1913 adayenda maiko monga Jamaica, Haiti, Cuba, Panama ndi Costa Rica kukatsatsa katundu wake.

Banja lake ndi Charles lidatha mu 1912, koma dzinalo adalisunga chifukwa ndi limene makasitomala ankalidziwa.

Pofika 1917 kampaniyo inkati idaphunzitsa amayi pafupifupi 20,000. Ambiri mwa iwo adali ochapa zovala, ophika ndi olima thonje ngati mmene iye adalili poyamba. Tsopano ankatha kulipirira ana sukulu ndi kugula nyumba ndi ndalama zawozawo.

Chaka chomwecho adasonkhanitsa ogulitsa ake oposa 200 mumzinda wa Philadelphia. Pamsonkhanowo mphoto sizidapite kwa ogulitsa kwambiri okha, komanso kwa amene adathandiza osowa m'madera awo.

Mayiyu sadaiwale kumene adachokera. Mu 1911 adalonjeza madola 1,000 omangira nyumba ya bungwe la YMCA ya anthu akuda ku Indianapolis, ndalama zimene zidadabwitsa anthu poti zidachokera kwa mayi amene zaka zochepa m'mbuyomo ankachapa zovala.

Mu 1917, anthu akuda ambiri ataphedwa pazipolowe za ku East St. Louis, iye adali m'gulu la atsogoleri amene adapita ku White House kukapereka chikalata chopempha lamulo loletsa magulu a anthu kupha akuda popanda kuwazenga mlandu. Mu 1919 adalonjeza madola 5,000 ku bungwe la NAACP kuti lilimbane ndi mchitidwewu.

Mu 1918 adalowa m'nyumba yake yaikulu yotchedwa Villa Lewaro ku Irvington, kufupi ndi mzinda wa New York, imene adaijambula ndi katswiri wachikuda Vertner Tandy. Koma sadaidyerere nthawi yaitali. Iye adamwalira pa 25 May 1919 ali ndi zaka 51 atadwala matenda a impso ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo adaikidwa kumanda a Woodlawn ku New York.

Buku la Guinness limamutchula kuti ndi mayi woyamba ku America kupeza chuma chokwana madola 1 miliyoni ndi thukuta lake, ngakhale chuma chimene adachiwerengera atamwalira chidali cha madola pafupifupi 600,000. Mu 1998 boma la America lidaika nkhope yake pasitampa, ndipo mu 2020 Netflix idatulutsa sewero la moyo wake lotchedwa Self Made.

Walker adamwalira mafuta a tea tree asadatchuke pamsika. Mtengo umenewu si tiyi amene timamuona m'minda ya ku Mulanje ndi Thyolo ayi. Dzina lake la sayansi ndi Melaleuca alternifolia ndipo kwawo ndi kummawa kwa dziko la Australia, komwe anthu a mtundu wa Bundjalung ankachizira masamba ake kuyambira kale. M'zaka za m'ma 1920 katswiri wa mumzinda wa Sydney, Arthur Penfold, ndiye adalengeza kuti mafuta ake amapha tizilombo.

Choncho ntchito imene sulufule ankagwira m'kachitini ka Walker ndi imene opanga ambiri lero akuti tea tree akugwira m'mabotolo awo. Umboni ulipo ndithu. Kafukufuku wa ku Australia amene adasindikizidwa mu 2002 adayesa anthu 126 kwa milungu inayi. Amene ankasamba ndi shampu yokhala ndi magawo 5 pa 100 alionse a mafutawa, mfundu wawo udachepa ndi 41 peresenti, pomwe kwa anzawo osamba shampu yopanda mafutawa udachepa ndi 11 peresenti yokha.

Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Si botolo lililonse lojambulidwa tsamba lobiriwira limene lili ndi mafuta okwanira chonchi.

Wogula wanzeru amatembenuza botolo n'kuwerenga mndandanda wa zosakaniza. Opanga amayamba kulemba chimene chachuluka n'kumatsika. Mukaona mawu oti Melaleuca Alternifolia Leaf Oil ali kumapeto kwenikweni, pafupi ndi zonunkhiritsa, dziwani kuti mwangodonthezedwa pang'ono. Mukaona kuti mulibiretu, mukugula fungo chabe.

Poyerekeza mabotolo awiri, onaninso ngati muli mankhwala ena odziwika pothana ndi mfundu monga sulufule, salicylic acid, selenium sulfide kapena ketoconazole. Mafuta onga Vaseline, phula ndi kokonati amangofewetsa ndi kusalalitsa, sachiza mfundu.

Mafuta a tea tree osasungunula amatha kuwaula khungu ndipo ndi poizoni munthu akamwa, choncho aziikidwa patali ndi ana. Mwana amene ali ndi chipere cha m'mutu apite naye kuchipatala, chifukwa nthendayi imafuna mankhwala akumwa, siitha ndi zodzola zokha.

Patha zaka zoposa 100 chimwalirire Madam Walker ndipo kampani yake idatsekedwa mu 1981. Komabe mayi amene amaluka anzake tsitsi pansi pa mtengo wa mango kwa Nazombe, n'kupeza ya sopo ndi ya sukulu ya ana, akuyenda m'njira imene Sarah Breedlove adalambula. Malangizo ake sadasinthe: sambani m'mutu pafupipafupi, samalani khungu, ndipo dziwani chimene chili m'botolo musadatulutse ndalama.