Denis Burkitt

Denis Parsons Burkitt (28 Febuluwale 1911 – 23 Marichi 1993) anali dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Ireland amene anagwira ntchito ku Uganda kwa zaka pafupifupi 20. Amadziwika pa zinthu ziwiri: khansa ya ana yotchedwa Burkitt lymphoma, ndiponso chiphunzitso chakuti kusowa kwa faiba m'zakudya kumabweretsa matenda a m'matumbo.

Ubwana ndi maphunziro

Anabadwira ku Enniskillen. Ali ndi zaka 11 anavulala diso lakumanja mpaka linachotsedwa. Ku Trinity College Dublin anayamba ndi uinjiniya, ntchito ya bambo ake, kenako anasinthira ku udokotala n'kumaliza mu 1935. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anali dokotala wa asilikali, ndipo mu 1946 anapita ku Uganda.

Ulendo wofufuza khansa

Mu 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, anaona mwana wotupa nsagwada, ndipo posakhalitsa anaonanso wina. Anafotokoza za matendawa m'magazini ya zachipatala mu 1958. Mu 1961, pamodzi ndi Ted Williams ndi Cliff Nelson, anayenda pagalimoto makilomita pafupifupi 16,000 akufunsa m'zipatala zoposa 50, kuphatikizapo za ku Nyasaland. Kumeneku odwala ankapezeka m'madera otentha a m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, osati kumapiri kozizira. Pambuyo pake zinadziwika kuti khansayi imayendera limodzi ndi malungo komanso kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kanapezeka mu 1964. Mpaka pano ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa ana m'Malawi, ndipo chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chimalandira ana oidwala.

Faiba ndi matumbo

Atabwerera ku Britain mu 1966, Burkitt anakumana ndi Peter Cleave, dokotala wa asilikali apamadzi, amene ankati shuga ndi ufa woyeretsedwa ndizo zikudwalitsa azungu. Burkitt anaionera nkhaniyi mbali ina: vuto silinali chimene chatsala mu ufa, koma chimene chachotsedwa. Faiba ndi mbali ya chakudya chochokera ku zomera imene mimba ya munthu siigaya, monga gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi mitsitsi ya m'ndiwo zamasamba.

Njira yake yofufuzira inali yosavuta, ngakhale ena ankaiseka. Ankalembera makalata madokotala a m'zipatala za kumidzi ya mu Africa, ndiponso ankayeza kulemera kwa chimbudzi cha anthu. Anapeza kuti munthu wakumudzi ankatulutsa magalamu oposa 400 patsiku, pamene wa ku Britain ankangopitirira pang'ono 100, ndipo chakudya chinkakhalitsa m'matumbo mwake kuwirikiza kawiri. Kudzimbidwa ndi khansa ya m'matumbo aakulu zinali zosowa kumidziko. Mu 1971 analemba za khansayi, mu 1975 anatulutsa buku limodzi ndi Hugh Trowell, ndipo mu 1979 analembera anthu wamba buku lotchedwa Don't Forget Fibre in Your Diet.

Burkitt ankaona faiba makamaka ngati chofewetsa ndi kufulumizitsa chimbudzi. Kafukufuku wam'mbuyo mwake anaonetsa zambiri: mabakiteriya a m'matumbo aakulu amadya faibayo n'kupanga butyrate, imene imadyetsa khungu lamkati mwa matumbo. Mu 2015 gulu la Stephen O'Keefe linalengeza zimene linapeza litasinthanitsa zakudya kwa milungu iwiri pakati pa anthu akuda a ku America ndi anthu akumudzi a ku South Africa. Mwa amene anayamba kudya faiba yambiri, butyrate inachuluka. Nkhaniyi ikukhudzanso kusankha pakati pa mgaiwa ndi ufa woyera, umene gaga wake amachotsedwa pokonola.

Anakwatira Olive Rogers mu 1943 ndipo anali ndi ana aakazi atatu. Mu 1972 analandira mphoto ya Lasker. Anamwalirira ku Gloucester ali ndi zaka 82.