Kaputeni Mbaye Diagne, Msilikali Wopanda Mfuti (1958-1994)

Anzathu angapo amene tidakhala nawo m'kalasi adalowa usilikali atachoka pasukulu, ena upolisi, ndipo ena lero ali ndi ana amene akuvala yunifolomu. N'chifukwa chake m'kope lino tikukamba za msilikali. Munthuyu sadali Mmalawi, koma dzina lake lidafika kale kwathu kuno.

A Mbaye Diagne adabadwa pa 18 Malichi 1958 ku Koki, m'chigawo cha Louga m'dziko la Senegal, ndipo adakulira ku Pikine, dera la anthu wamba m'mphepete mwa mzinda wa Dakar. M'banja mwawo adalimo ana 9, ndipo iwo ndiwo adali oyamba kufika ku yunivesite. M'chaka cha 1983 adalowa sukulu yophunzitsa akuluakulu a asilikali, kenaka adakamenya nawo nkhondo ya ku Casamance, kummwera kwa dziko lawo. Adali Msilamu wopemphera, wamtali, wokonda nthabwala, ndipo ndudu siinkachoka pakamwa pawo.

M'chaka cha 1993 boma lawo lidawatumiza ku Rwanda, poyamba m'gulu la bungwe la OAU, kenaka m'gulu la United Nations lotchedwa UNAMIR, limene mkulu wake adali a Jenerale Roméo Dallaire a ku Canada. Ntchito ya gululi idali kuonetsetsa kuti pangano la mtendere limene boma la Rwanda lidasainirana ndi gulu la RPF ku Arusha likutsatidwa. A Diagne adali m'gulu la asilikali oyang'anira chabe, amene sanyamula mfuti. Zida zawo zidali galimoto yoyera, chipewa cha buluu ndi pepala lolembapo zimene aona.

Usiku wa pa 6 Epulo 1994 ndege imene idanyamula Pulezidenti Juvénal Habyarimana idawomberedwa ikutera ku Kigali. Pofika m'mawa misewu ya mumzindawo idali itatsekedwa ndi zipika, miyala ndi migolo, ndipo pamalo aliwonse otere padaima anyamata a gulu la Interahamwe, zikwanje ndi zibonga zili m'manja. Chitupa cha munthu aliyense chinkasonyeza mtundu wake, Mhutu kapena Mtutsi, motero kusankha woti aphedwe kudali kosavuta. Wailesi ya RTLM inkatchula maina a anthu ndi kumene abisala. M'masiku pafupifupi 100 anthu okwana 800,000 adaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi.

Tisadzinamize kuti onse amene adagwira chikwanje adabadwa ndi mtima wa chilombo. Ambiri adali alimi, ena aphunzitsi, ena anthu opemphera. Mfumu yalamula, wailesi ikuti adani akubwera, anansi onse atuluka, ndipo amene akana amuyesa kazitape: munthu wamba adapezeka atachita zimene chaka chapitacho akadalumbira kuti sangachite. Amene mudawerengako za maganizo a anthu mukukumbukira kafukufuku wa a Stanley Milgram ku Yale, amene adasindikizidwa mu 1963. Mwa anthu 40 amene adauzidwa kuti alange munthu mnzawo ndi magetsi, 26 adapitiriza mpaka pamapeto penipeni, pa 450 volts, chifukwa chakuti munthu wooneka waudindo adaima pambali pawo n'kumawauza kuti asaleke. Magetsiwo adali abodza, koma iwo sankadziwa. Ngakhale kugonero kusukulu tinkaziona zimenezi, pang'ono chabe: mnyamata wofatsa wa Fomu 1 uja, akangolowa Fomu 2 n'kupeza gulu lomuwombera m'manja, ankasanduka wozunza obwera kumene.

Nyengo yomweyo idamanganso manja a asilikali amene adali ndi mfuti. Pa 7 Epulo asilikali 10 a ku Belgium, amene adatumizidwa kukateteza Nduna Yaikulu, mayi Agathe Uwilingiyimana, adalandidwa zida n'kuphedwa. Mayiwo ndi amuna awo adaphedwanso tsiku lomwelo. Mayiko olemera adali asadaiwale za asilikali 18 a ku America amene adafera ku Mogadishu mu Okutobala 1993, tsono aliyense adayamba kuganiza zochotsa anthu ake. Pa 11 Epulo asilikali a ku Belgium amene ankalondera sukulu ya zaumisiri ya ETO ku Kicukiro adalamulidwa kuti achoke. Pasukulupo padathawira anthu pafupifupi 2,000, ndipo ambiri mwa iwo adaphedwa tsiku lomwelo. Asilikaliwo sadaphe munthu. Adangomvera lamulo, monga adaphunzitsidwira. Pa 21 Epulo bungwe la United Nations lidagamula kuti gulu la asilikali pafupifupi 2,500 lija lichepetsedwe mpaka 270.

A Diagne adali mumzinda womwewo, pansi pa malamulo omwewo, amene sankalola asilikali oyang'anira kupita kukapulumutsa anthu. Pa 7 Epulo pomwepo adamva kuti ana 5 a Nduna Yaikulu ija abisala m'nyumba ina ya ogwira ntchito za United Nations pafupi ndi pamene makolo awo adaphedwera, ndipo adapitako. A Dallaire adawapeza komweko, nalonjeza kuti atumiza magalimoto ankhondo kudzatenga anawo. Magalimotowo sadabwere. Tsono a Diagne adawalowetsa anawo kumbuyo kwa galimoto yawo, adawafunditsa, n'kudutsa nawo pakati pa anthu amene ankawasakasaka, mpaka ku hotela ya Mille Collines. Pambuyo pake anawo adatuluka m'dzikomo ndipo adakakhala ku Switzerland.

Kuyambira tsiku limenelo iyi idasanduka ntchito yawo. Ankatuluka okha, n'kubwerako ndi anthu atatu, anayi kapena asanu, chifukwa galimoto yodzaza kwambiri ikadawaulula. Ulendo uliwonse unkadutsa pa malo ambiri otsekedwa aja, ndipo apa m'pamene pali phunziro lenileni la mbiri yawo. A Diagne adazindikira kuti mnyamata woima pamsewu uja, woledzera ndi wamantha, akupha chifukwa anzake akumuyang'ana, ndipo akufuna kuoneka munthu wamkulu. Ukamukalipira kapena kumuopseza, wamukakamiza kuti asonyeze mphamvu zake. Motero iwo ankatsika galimoto akumwetulira, n'kupereka moni ngati kwa mnzawo wakalekale. Ankagawa ndudu, nthawi zina ndalama, ndipo ngakhale iwo sankamwa, ankayenda ndi mowa woti apatse anthuwo. Gulu likaseka, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu malowo ankasanduka bwalo la macheza, ndipo mtsogoleri wa gululo ankatha kuchotsa chipika popanda kuchita manyazi pamaso pa anyamata ake. Mphindi zimenezo zinkakwanira kuti galimoto idutse.

Mtolankhani wa BBC, a Mark Doyle, adakwerapo nawo galimotoyo. Pamalo ena anyamata aja ataona mzungu adafunsa ngati adali wa ku Belgium, funso limene masiku amenewo linkatanthauza imfa. A Diagne adayankha mwanthabwala kuti munthu wa ku Belgium m'galimotomo adali iwowo, wakuda bii chomwecho. Anthu aja adaseka, ndipo asadaganizenso kawiri, a Diagne adawauza mwamphamvu kuti atsegule njira, nadutsa.

Ena amafotokoza nkhaniyi ngati kuti kulimba mtima kokha ndiko kudachita zonse. Ife tikuona kuti sizokwanira. A Diagne adali Mwafirika wochokera ku dziko limene opha anthuwo adalibe nalo chifukwa. Ankalankhula Chifalansa. Ntchito yawo idali yolumikiza UNAMIR ndi asilikali a boma, motero ankadziwana ndi akuluakulu ambiri ankhondo, ndipo adali ndi chifukwa chomveka choyendera m'misewu. Msilikali wa ku Belgium wa mtima ngati womwewo sakadafika ngakhale pa chipika chachiwiri. Chimene chidawasiyanitsa n'chakuti adawerenga zimene adali nazo m'manja n'kuzigwiritsa ntchito, pamene ena adawerenga zimene adalibe n'kukhala pansi.

Palinso mbali ya a Dallaire. Iwo adadziwa kuti kaputeni wawo akuphwanya malamulo, popeza anthu achilendo ankangopezeka ku hotela m'mawa uliwonse. Akadatha kuwaletsa ndi mawu amodzi, koma sadatero. Mkulu wa asilikali amaumba khalidwe la anthu ake ndi zimene amalamula, komanso ndi zimene amalekerera, ndipo msilikali wamng'ono amazindikira msanga chimene bwana wake akufunadi ngakhale sichidalembedwe. Kulekerera kotereku n'koopsa, chifukwa khomo lomwelo ndi limene ena amalowera pokachita nkhanza. Ku Kigali lidatsegukira munthu woyenera.

Ndipo tisaganize kuti ntchitoyi idali yoyera ngati ya m'buku. Kuti apulumutse anthu asanu, a Diagne ankayenera kugwirana chanza ndi munthu amene chikwanje chake chidali ndi magazi, kuseka naye, ndi kumupatsa mowa umene mwina udamulimbitsa mtima pa galimoto yotsatira. Ankayeneranso kusankha woti akwere ndi woti adikire mawa, akudziwa kuti mawa sangamupezenso. Chiwerengero cha anthu amene adawapulumutsa chimasiyana malinga ndi wofotokoza: ena amati mazana angapo, ena amafika pa 1,000.

Pa 31 Meyi 1994 a Diagne adatenga uthenga wochokera kwa mkulu wa asilikali a boma, a Augustin Bizimungu, wopita kwa a Dallaire. Ataima pamalo ena otsekedwa ndi asilikali a boma, bomba lidagwa kumbuyo kwa galimoto yawo, ndipo chidutswa chake chidalowera pa zenera n'kuwalasa m'mutu. Adafera pomwepo, ali ndi zaka 36, kutatsala masiku 12 kuti abwerere kwawo. Anthu ambiri amakhulupirira kuti bombalo lidachokera kwa a RPF, amene ankafuna kugunda asilikali a pamalowo. UNAMIR idalibe ngakhale thumba losungiramo maliro, motero anzawo adakulunga thupi lawo m'lona wa buluu wa bungwe la anthu othawa kwawo. Adaikidwa ku Senegal mwa mwambo wa chisilikali, ndipo adasiya mkazi ndi ana awiri.

Padapita zaka 20 bungwe limene adaliphwanyira malamulo lija lisadawalemekeze moyenera. Mu Meyi 2014 lidakhazikitsa mendulo ya kulimba mtima kwapadera m'dzina lawo, ndipo mu 2016 lidaipereka kwa banja lawo. Munthu woyamba kuilandira pambuyo pa eni dzina adali Mmalawi, malemu Private Chancy Chitete. Mu Novembala 2018, pankhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF pafupi ndi Beni m'dziko la Congo, a Chitete adachoka pamalo pamene adabisala n'kukakoka msilikali wa ku Tanzania amene adavulala, zipolopolo zikuwuluka. Adawomberedwa akumuthandiza pa bala lake. Mtanzaniayo adachira, ndipo banja la a Chitete lidakalandira menduloyo ku New York mu Meyi 2019.