Walther Flemming, katswiri yemwe adatulukira momwe maselo amagawikanira

Bala likamapola kapena mwana akamakula, maselo a m'thupi amakhala akugawikana, limodzi n'kukhala awiri. Munthu woyamba kufotokoza mwatsatanetsatane momwe ntchito imeneyi imayendera m'thupi la nyama adali malemu a Walther Flemming, katswiri wa sayansi wa m'dziko la Germany, yemwe adamwalira m'chaka cha 1905.

A Flemming adabadwa pa 21 Epulo 1843 ku Sachsenberg, pafupi ndi mzinda wa Schwerin, komwe bambo awo ankayang'anira chipatala cha anthu odwala matenda a maganizo. Iwo adatsiriza maphunziro a udokotala pa sukulu ya ukachenjede ya Rostock m'chaka cha 1868, ndipo pa nkhondo ya pakati pa Prussia ndi France ya mu 1870 mpaka 1871 adatumikira ngati dokotala wa asilikali. Ataphunzitsa kwa zaka zingapo ku Prague, mu 1876 adapatsidwa udindo wa pulofesa wa kapangidwe ka thupi pa sukulu ya ukachenjede ya Kiel, komwe adagwira ntchito yomwe idawatchukitsa.

Pa nthawiyo akatswiri ambiri adali atavomereza kale kuti selo lililonse limachokera ku selo linzake, koma sankagwirizana pa zomwe zimachitikira phata la selo. Ena ankati phatalo limangoduka pakati, pomwe ena ankati limasungunuka kenako n'kupangika mwatsopano.

Pofuna kupeza zoona zake, a Flemming adasankha ana a kanyama kotchedwa salamanda, komwe kamaoneka ngati buluzi koma kamayamba moyo wake m'madzi ngati chule. Maselo a kanyamaka ndi akuluakulu, choncho amaoneka bwino pa makina okuza zinthu otchedwa maikulosikopu. Iwo adagwiritsanso ntchito utoto wa aniline womwe udali wachilendo m'zaka zimenezo, ndipo adapeza kuti m'phata muli chinthu chomwe chimamwa utoto kwambiri. Chinthucho adachitcha kuti chromatin.

Vuto lidali lakuti selo lopakidwa utoto limakhala lakufa, motero limangoonetsa gawo limodzi lokha la kugawikanako. A Flemming adajambula pamanja zomwe ankaona m'maselo ambirimbiri, n'kuzisanja motsatana, ndipo ankatsimikiza ndondomekoyo poyang'ana maselo amoyo.

Iwo adapeza kuti selo likatsala pang'ono kugawikana, chromatin imaumbika n'kukhala tiulusi tomwe timasonkhana pakati pa selo. Kaulusi kalikonse kamang'ambika m'litali mwake n'kukhala tiwiri, ndipo tiulusito timagawidwa m'magulu awiri ofanana omwe amalowera ku mbali ziwiri za selo. Zotsatira za kafukufukuyu adazisindikiza mu 1882 m'buku la Zellsubstanz, Kern und Zelltheilung, ndipo ndondomeko yonseyi adaitcha kuti mitosis, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza ulusi. Dzina loti makromozomu lidaperekedwa ku tiulusito mu 1888 ndi katswiri wina, a Wilhelm Waldeyer.

Ngakhale zidali choncho, a Flemming sadalumikize zomwe adaona ndi nkhani ya momwe ana amatengera makolo awo. Zolemba za a Gregor Mendel zokhudza chibadwa, zomwe zidatuluka mu 1866, zidali zisakudziwika kwa akatswiri ambiri kufikira mu 1900. Mu 1902 ndi 1903, a Theodor Boveri ndi a Walter Sutton ndi omwe adaonetsa kuti makromozomu ndiwo amanyamula chibadwa kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana.

A Flemming adayesanso kuwerenga makromozomu a munthu, koma chiwerengero chawo chidaperewera kaamba ka kuchepa mphamvu kwa zipangizo za nthawiyo. Chiwerengero cholondola, chomwe ndi 46, chidalengezedwa mu 1956 ndi a Joe Hin Tjio ndi a Albert Levan ku Lund m'dziko la Sweden.

Matenda a mitsempha adawafooketsa mkuluyu mpaka adapuma pa ntchito mu 1901, ndipo adamwalira ku Kiel pa 4 Ogasiti 1905 ali ndi zaka 62.

Phindu la kafukufuku wawo pa ntchito za chipatala lidaoneka patadutsa zaka zambiri iwo atamwalira. Khansa imayamba pamene maselo akugawikana mosalekeza, ndipo mankhwala ena a matendawa, monga vincristine ndi paclitaxel, amagwira ntchito poimitsa selo lili mkati mogawikana. Madokotala opima zotupa amawerenganso maselo omwe ali pa mitosis pofuna kudziwa liwiro lomwe chotupa chikukulira, ndipo zomwe amaziyang'ana pa maikulosikopu ndi tiulusi tomwe tija a Flemming adajambula ku Kiel.