Mayi Ida B. Wells: Kholo, Gogo ndi Mtolankhani

Mawu oyamba

Nkhani ino ikufotokoza mbiri ya Mayi Ida B. Wells, mtolankhani wachikuda wa ku America amene anabadwira mu ukapolo. Cholinga chake ndi kuonetsa momwe mayiwa anasenzera maudindo awiri nthawi imodzi: kulera ana pakhomo komanso kulemba zoona pa nthawi imene kutero kunali kuika moyo pachiswe.

Ubwana wawo

Mayi Wells anabadwa pa 16 Julaye 1862 m'tauni ya Holly Springs, m'chigawo cha Mississippi. Bambo awo, a James Wells, anali kalipentala ndipo mayi awo, a Elizabeth, anali odziwa kuphika. Ukapolo utatha, makolowa analimbikira kuti ana awo apite kusukulu. Koma m'chaka cha 1878 mliri wa yellow fever, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu, unapha makolo onse awiri pamodzi ndi khanda lawo. Akuluakulu anaganiza zogawana ana amasiyewo, koma Ida, ali ndi zaka 16 zokha, anakana kuti banja limwazike. Anapeza ntchito yauphunzitsi kumudzi kuti azidyetsa azing'ono ake. Motero udindo wa umayi anauyamba asanabereke mwana wakewake.

Chiyambi cha utolankhani

Atasamukira ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee, anapitiriza uphunzitsi. Tsiku lina ali m'sitima ya pamtunda, kondakitala anawauza kuti atuluke m'ngolo ya amayi ngakhale anali ndi tikiti ya kalasi yoyamba. Iwo atakana, anawatulutsa mokakamiza. Anakasuma kukhothi ndipo mu 1884 anawina mlanduwo, n'kulamulidwa kulandira chipukuta misozi cha madola 500. Koma mu 1887 khothi lalikulu la Tennessee linasintha chigamulocho. Zimene analemba za mlanduwu zinawadziwitsa kwa owerenga nyuzipepala za anthu akuda, mmene ankalemba ndi dzina loti Iola. Mu 1889 anakhala mmodzi mwa eni nyuzipepala ya Free Speech, ndipo mu 1891 anachotsedwa uphunzitsi chifukwa chodzudzula kuipa kwa sukulu za ana achikuda.

Nkhondo yawo yaikulu

M'mwezi wa Malichi 1892 gulu la azungu linatulutsa m'ndende amuna atatu achikuda, Thomas Moss, Calvin McDowell ndi Will Stewart, n'kuwapha popanda kuwazenga mlandu. Amunawa ankayendetsa golosale ya People's Grocery imene inkalanda makasitomala a mzungu wina. A Moss anali bwenzi lapamtima la Mayi Wells.

Masiku amenewo azungu ambiri ankanena kuti kupha kotereku kunali chilango cha amuna akuda ogwirira akazi achizungu. Imfa ya a Moss inawachititsa Mayi Wells kukayikira zimenezi, choncho anayamba kufufuza. Anapeza kuti ambiri mwa ophedwawo sananenezedwe n'komwe mlandu wogwirira, ndipo ena anaphedwa chifukwa cha chibwenzi chogwirizana kapena chifukwa chotukuka pa malonda. Atalemba zimenezi m'mwezi wa Meyi 1892, gulu la anthu linaphwanya ofesi ya nyuzipepala yawo iwo ali paulendo, ndipo anaopsezedwa kuti akabwerera aphedwa. Anakhazikika kumpoto n'kumalemba mu nyuzipepala ya New York Age.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, chopatsa chidwi ndi kalembedwe kawo. M'kabuku ka Southern Horrors ka 1892 ndi m'buku la The Red Record la 1895, anatchula mayina a ophedwa, masiku, malo ndi zifukwa zimene opha aja ankapereka. Ziwerengero zambiri anazitenga mu Chicago Tribune, nyuzipepala ya azungu, kuti pasapezeke wonena kuti munthu wakuda wangopeka. Mdani anatsutsidwa ndi umboni wochokera m'kamwa mwake momwe. Mu 1893 ndi 1894 anapitanso ku Britain kukayankhula pa misonkhano za nkhanzazi.

Pakhomo

Mu 1895 anakwatiwa ndi a Ferdinand Barnett, loya wa ku Chicago amenenso anayambitsa nyuzipepala ya Chicago Conservator. A Barnett anali kale ndi ana aamuna awiri a mkazi wawo woyamba amene anamwalira, ndipo banja latsopanoli linabereka ana anayi: Charles mu 1896, Herman mu 1897, Ida mu 1901 ndi Alfreda mu 1904. Mayi Wells ankapita kumisonkhano ndi Charles ali woyamwa. Ena mwa anzawo omenyera ufulu wa amayi ankadandaula kuti banja lawagawa mtima. Nzoona kuti kwa kanthawi anachepetsa maulendo kuti alere ana, koma ntchito sanaitaye. Mu 1909 anali nawo poyambitsa bungwe la NAACP. Mu 1913 anakhazikitsa Alpha Suffrage Club, gulu la amayi achikuda ofuna ufulu wovota, ndipo chaka chomwecho, pa chionetsero cha ku Washington, anakana kuyenda kumbuyo kumene anauza amayi achikuda kuti akhale. Mu 1930, ali kale gogo, anapikisana nawo pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya Illinois koma sanapambane.

Mawu omaliza

Mayi Wells anamwalira ndi matenda a impso pa 25 Malichi 1931 ku Chicago ali ndi zaka 68. Ulemu unabwera mochedwa. Mu 2020 komiti ya mphoto ya Pulitzer inawalemekeza mwapadera, ndipo lamulo la dziko lonse la America loletsa kupha anthu kotereku linasainidwa mu 2022, patatha zaka 130 chiphedwere a Moss.

Kuti mbiri yawo isafe, ana awo omwe aja anathandiza kwambiri. Buku la moyo wawo analisiya lisanathe, chiganizo chomaliza chili chodukira pakati. Mwana wawo wotsiriza, Alfreda Duster, anasunga mapepalawo kwa zaka zambiri, n'kuwakonza, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1970 ndi mutu woti Crusade for Justice. Ana amene ena ankati akuwasokoneza pa ntchito ndi amene anadzafikitsa mawu awo kwa owerenga a lero.