James Chuma, mwana wa m'goli amene anadzatsogolera maulendo

Pa 16 Julayi 1861, gulu la akapolo linatulukira m'mudzi wa Mfumu Mbame, kumapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Amuna anali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe, ndipo owayendetsa ankabwera akuliza malipenga, mfuti zili pamapewa. M'mudzimo munali David Livingstone ndi anthu ake akupumula. Oyendetsa aja atangoona azungu anathawira kutchire, koma mtsogoleri wawo anagwidwa, ndipo Livingstone anamuzindikira: anali kapolo wa mkulu wa asilikali wakale wa ku Tete. Anthuwo, 84 onse pamodzi, ankapita nawo ku Tete, kumene akapolo ankawolotsedwa Zambezi kukasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu.

Zingwe anadula ndi mipeni, koma magoli anachita kufuna sowo. Kenako anthuwo anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenza, ndipo nkhuni zake zinali magoli omwewo. Nkhaniyi ili m'buku limene Livingstone ndi mng'ono wake Charles anatulutsa mu 1865 lonena za ulendo wawo wa pa Zambezi. Masiku otsatira magulu enanso anamasulidwa m'dera lomwelo, ndipo pakati pa ana opulumuka mwezi umenewo panali mnyamata wa Chiyao wa zaka pafupifupi 11, dzina lake Chuma.

Boma la Portugal linali litaletsa kale kutumiza akapolo kunja mu 1836. Lamulolo linali la papepala. M'chigwa cha Zambezi eni maprazo ankatumabe Achikunda awo, amene ambiri mwa iwo analinso akapolo, kukagula ndi kukagwira anthu kumtunda, ndipo nsalu, mikanda ndi wonga zinkalowa m'midzi posinthana ndi ana a anthu.

Chuma anakhala pa mishoni ya Magomero, imene Bishopu Charles Mackenzie anayamba ndi anthu omasulidwawo. Mtendere sunakhalitse. Bishopuyo anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, kenako kunagwa chilala, njala ndi nkhondo. Mishoni inatsikira ku Shire, n'kusamukira pa phiri la Morrumbala kuno ku Mozambique, ndipo mu 1864 inachokeratu kupita ku Zanzibar. Mmodzi wa amishoniwo, Horace Waller, anakana zoti ana ndi amayi omasulidwa asiyidwe kuti akagwidwenso. Ena anapita nawo ku Cape Town, pamene Chuma ndi mnzake Wakatani anatengedwa ndi Livingstone.

Mnyamata wa kumtunda uja anawoloka nyanja ya mchere pa kasitima kotchedwa Lady Nyassa, kamene anakapangira kuyenda pa nyanja ya Nyasa. Kuchoka ku Zanzibar kukafika ku Bombay, ku India, anatha masiku 45. M'kasitimamo munalinso Susi, wochokera ku Chupanga m'mbali mwa Zambezi, munthu amene dzina lake lakhala likutchulidwa limodzi ndi la Chuma mpaka lero. Ku Bombay Chuma analowa sukulu ya mishoni ya Dr John Wilson, ndipo mu Disembala 1865 anabatizidwa n'kupatsidwa dzina loti James.

Mu 1866 anabwerera ku Africa pa ulendo womaliza wa Livingstone. Anatsata mtsinje wa Rovuma, ndipo m'njira ankapeza magoli otayidwa ndi mitembo ya akapolo amene analephera kuyenda, ena atamangiriridwa kumitengo. Mu Julayi anafika ku Mwembe, likulu la Mfumu Mataka, m'dera limene lero ndi chigawo cha Niassa. Kum'mwera kwa nyanja Wakatani anatsalira kwa Mponda, ponena kuti wapeza abale ake. Chuma anapitirira, ndipo anayenda zaka 7.

Zithunzi zakale zimamuonetsa ngati wantchito amene sanatsutsepo bwana wake, koma zolemba za Livingstone mwini zikusonyeza munthu wamoyo. Mu 1868, cha ku nyanja ya Mweru, Chuma, Susi ndi ena anakana kupitirira ulendo, ndipo anapatukana naye miyezi ingapo asanabwererenso. Livingstone anawalemba mokwiya. Komatu anali anyamata otopa, anjala, otsatira mzungu wodwala amene ankafunafuna gwero la mtsinje wa Nile pamalo pamene panalibe. Kukana kwawo n'komveka kwa aliyense amene anagwirapo ganyu wopanda tsiku lothera.

Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Mfumu Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Panalibe mzungu wina, panalibenso wowalamula. Akanatha kuika maliro pomwepo, kugawana katundu, aliyense n'kulowera kwake. M'malo mwake gululo linasankha Susi ndi Chuma kuti atsogolere, ndipo linagwirizana zonyamula mtembo mpaka kunyanja ya mchere. Poyamba anabisa imfayo poopa kuti mfumu iwalipiritsa, koma Chitambo atamva anawachitira chifundo n'kulira nawo. Mtima ndi zam'kati anakwirira pansi pa mtengo, pamene Jacob Wainwright, wodziwa kulemba, anazokota dzina ndi tsiku. Thupi analithira mchere, n'kuliyanika padzuwa milungu iwiri, n'kulikulunga mu nsalu ndi khungwa la mtengo. Mabuku ndi mapepala onse anawawerenga n'kuwatsekera m'mabokosi.

Kudutsa ndi mtembo wa mlendo m'midzi ya eni ake ndi mlandu waukulu, ndipo onse ankadziwa. Anayenda makilomita oposa 1,500 kwa miyezi pafupifupi 9, matenda akuwagwetsa, ena akumwalira panjira. M'gulumo munalinso amayi, monga Halima amene ankaphikira Livingstone. Atayandikira Unyanyembe, Chuma anatsogola ndi kalata ndipo anapeza Verney Cameron, amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone. Azunguwo analangiza kuti mtembo uikidwe pomwepo. Anakana. Patsogolo pake, anthu a m'mudzi wina atawatsekera njira, ananamizira kuti mtembo aubweza, koma anaumanga ngati mtolo wa nsalu n'kudutsa nawo. Anafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874.

Kumeneko analandira malipiro awo n'kuuzidwa kuti ntchito yatha. Maliro anachitika ku Westminster Abbey, ku London, pa 18 Epulo 1874, Wainwright yekha ndiye analipo. Chuma ndi Susi anafika ku Britain mwambo utapita kale, ulendo wawo atalipira James Young, bwenzi la Livingstone.

Anawafuna chifukwa panali ntchito imene wina aliyense sakanaitha. Waller, yemwe uja wa ku Magomero, ankakonza zolemba zomaliza za Livingstone kuti zikhale buku, koma masamba a masiku otsiriza anali ndi madeti okhaokha ndi mawu ochepa. Chuma ndi Susi anafotokoza mudzi ndi mudzi, mtsinje ndi mtsinje, anathandiza pa mapu, mpaka anamanga chifanizo cha kanyumba kamene Livingstone anamwaliriramo. Bukulo linatuluka mu 1874, ndipo nkhani ya imfa ndi ya ulendo wa mtembo imene dziko lonse limadziwa inachokera pakamwa pawo. Waller anafewetsa zina mwa zimene Livingstone analemba atakwiya, pofuna kuti bukulo lilimbikitse nkhondo yothetsa ukapolo, motero Chuma wa m'bukumo ndi wofatsa kuposa Chuma weniweni.

Atabwerera ku Zanzibar anagwira ntchito ndi mishoni ija imene inamulera. Mu 1875 anaperekeza Bishopu Edward Steere kwa Mataka, ndipo mu 1876 anathandiza kutsogolera akapolo omasulidwa pa ulendo wobwerera kumtunda, umene unathera pokhazikitsa mudzi wa Masasi. Mu 1879 bungwe la Royal Geographical Society linamulemba kukhala kapitawo wa ulendo wa anthu pafupifupi 150 wopita ku nyanja za Nyasa ndi Tanganyika. Mtsogoleri wake, Keith Johnston, anamwalira ulendo utangoyamba, ndipo udindo unagwera Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21 amene anali asanayendepo mu Africa. Wokambirana ndi mafumu, woweruza milandu ya amtengatenga ndi wowalimbitsa mtima anali Chuma. Anabwerako mu 1880 atataya wamtengatenga mmodzi yekha, ndipo Thomson m'buku lake la 1881 sanabise kuti anadalira kapitawo wakeyo. Bungwe lija linamupatsa mendulo.

James Chuma anamwalira ku Zanzibar mu 1882, ali ndi zaka pafupifupi 32. Susi anakhalabe ndi mishoni, anabatizidwa n'kutenga dzina loti David, ndipo anamwalira mu 1891.