Osamu Tezuka, Dotolo Amene Anapatsa Mtsikana Lupanga

Anthu ambiri a ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Katete amalidziwa dziko la Japan cifukwa ca magalimoto, njinga zamoto ndi mawailesi ocokera kumeneko. Koma alipo malonda ena a dzikolo amene afika kutali ngakhale alibe mawilo. Amenewa ndiwo mabuku a nthano zojambula, amene eni ake amawachula kuti manga. M'mabuku otere nkhani imayenda ndi zithunzi zotsatana m'timabokosi, ndipo mau a wolankhula amalembedwa pafupi ndi pakamwa pake. Ena amalembedwera anyamata, ena akuluakulu, ena atsikana a msinkhu wa unamwali. A atsikanawa amachedwa shōjo manga, pakuti shōjo m'Cijapani ndiye kuti mtsikana. Pokamba mbiri ya mabuku a atsikana amenewa, dzina limene silisowa ndi la malemu a Osamu Tezuka.

A Tezuka anabadwa pa 3 Novembala 1928 mu mzinda wa Toyonaka, pafupi ndi Osaka, ndipo anali acisamba mwa ana atatu. Ali ndi zaka 5, banja lao linasamukira ku tauni ya Takarazuka. Atate ao anali ndi makina oonetsera kanema m'nyumba, cotero mwanayo anakula akuona zithunzi za Charlie Chaplin ndi za Walt Disney pamene anzake ambiri anali kungozimvera m'makutu. Anakondanso tizilombo ta m'chire kotero kuti pa dzina limene anali kusaina pa zojambula zake anawonjezapo cilembo ca Cijapani cotanthauza kacilombo.

Koma cimene cinadzabala zipatso m'mabuku a atsikana cinacokera kwa amai ao. Ku Takarazuka kuli gulu lochuka la masewero, nyimbo ndi magule limene linayamba kuonetsa m'caka ca 1914. Analiyambitsa ndi a Ichizō Kobayashi, mkulu wa kampani ya njanji, amene anafuna kuti anthu azikwera sitima zao popita kukaonerera. Osewera onse m'gululi ndi akazi. Pakafunika mfumu, msilikali kapena mnyamata wofunsira mbeta, ndi mkazi amene amavala buluku, namanga lupanga m'ciuno, nalankhula ndi liu lalikulu. Amai a Tezuka anali kupita ndi mwana wao ku masewerowa kawirikawiri, ndipo ena mwa osewerawo anali anansi ao. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mnyamatayo anazolowera kuona mkazi atagwira lupanga asanadziwe n'komwe kuti kunja kwa nyumba ya masewero anthu amaciyesa cinthu cacilendo.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inawapeza ali pasukulu. Monga ana ena a sukulu, anatumizidwa kukagwira nchito m'fakitale, ndipo m'caka ca 1945 anaona ndi maso ao mzinda wa Osaka ukupsa ndi mabomba a ndege za America. Anapulumuka, koma cidani cao pa nkhondo sicinathe mpaka imfa, ndipo cimaoneka m'mabuku ao ambiri. Pa unyamata womwewo manja ao onse awiri anatupa ndi matenda oopsa, dotolo nawaciritsa. Ici cinali cimodzi mwa zimene zinawakokera ku maphunziro a udotolo, amene anawayamba ku Osaka m'caka comweco ca 1945.

Pensulo sanaitaye. Mu Januwale 1946 nyuzipepala ya ana inayamba kusindikiza tinthano tao tifupitifupi, ndipo mu 1947 buku lao lochedwa Shin Takarajima, nkhani ya mnyamata wofunafuna cuma pa cilumba, linagulidwa kwambiri. Ana analikonda cifukwa zithunzi zake zinali ngati zikuyenda. Ojambula ambiri a nthawi imeneyo anali kuonetsa anthu onse patali mofanana, monga mmene woonerera gule amaonera ali cikhalire pamalo amodzi. A Tezuka anatengera nzeru za kanema: apa aonetsa galimoto ili kutali, apa yayandikira, apa nkhope yokha ya woyendetsa yadzaza bokosi lonse. Atasowa cosankha pakati pa cipatala ndi zojambula, anafunsa amai ao, ndipo iwo anawalangiza kutsata cimene mtima wao unakonda koposa. Maphunziro anawatsiriza, cilolezo ca udotolo anacilandira, ndipo mu 1961 analandira digiri yapamwamba ya zamankhwala, koma moyo wao wonse anadya za pensulo.

Pofika 1952 anali atasamukira ku Tokyo ndipo anali ochuka kale ndi nthano ziwiri za anyamata: Tetsuwan Atomu, ya kamnyamata kopangidwa ndi zitsulo koma kokhala ndi mtima wacifundo, ndi Jungle Taitei, ya mkango woyera wa mu Africa. Pa nthano yaciwiriyi pali mau oyenera kunenedwa poyera. Nyama anazijambula mwaulemu, koma anthu akuda, m'bukuli ndi m'mabuku ena, anawajambula ndi milomo yonyanya monga anali kucitira azungu a masiku amenewo. Madandaulo atabuka m'caka ca 1990, osindikiza anayamba kuika mau ofotokoza za colakwaci m'mabukuwo. Luso la munthu silifafaniza banga lotere.

Magazini a atsikana analipo ku Japan kuyambira 1902. Munali nkhani zolembedwa, zithunzi za atsikana ofatsa a maso acisoni, malangizo a ukhondo ndi kusoka, ndi tinthano toseketsa ta masamba ocepa. A Katsuji Matsumoto anali atajambulapo mu 1934 nkhani yaifupi ya mtsikana wobisa nkhope womenyera anthu osauka, cotero si zoona kunena kuti a Tezuka ndiwo anayamba zonse. Cimene iwo anacita ndico kupatsa atsikana nkhani yaitali, yopitirira mwezi ndi mwezi, yokhala ndi ziwembu, imfa, ndende, nthabwala ndi cikondi, yolemera mofanana ndi zimene anyamata anali kulandira. Inayamba kutuluka mu Januwale 1953 m'magazini ya Shōjo Club, nipitirira mpaka Januwale 1956. Dzina lake ndi Ribon no Kishi, kutanthauza wankhondo wovala liboni, ndipo m'Cingelezi imadziwika kuti Princess Knight.

Nthanoyi imayambira kumwamba, kumene ana osabadwa amapatsidwa mitima, wina wa mwamuna, wina wa mkazi. Kamngelo kopulupudza kochedwa Tink kamwetsa khanda lina mtima wa mwamuna, ndipo khandalo lilandiranso mtima wa mkazi umene linayenera kulandira. Motero Sapphire abadwa m'nyumba ya mfumu ya dziko la Silverland ali ndi mitima iwiri, ndipo Tink atumizidwa pansi pano kukatenga mtima wolakwikawo. Lamulo la Silverland silola mkazi kulowa ufumu. Nduna yoipa, Duralumin, ikudikira kuti mpando ugwere mwana wake. Pofuna kuteteza dziko, mfumu ndi mkazi wake alera Sapphire ngati mnyamata pamaso pa anthu, namphunzitsa kukwera kavalo ndi kumenya lupanga. Tsiku lina mtsikanayo avala deresi ndi tsitsi loikirira, napita ku gule, nakondana ndi Franz, mwana wa mfumu ya dziko loyandikana nalo, amene sadziwa kuti namwali wokongolayo ndi yemwe uja amapikisana naye pa lupanga. Mfumu iphedwa mwaciwembu, cinsinsi ciululika, ndipo Sapphire ndi amake aponyedwa m'ndende. Kumeneko ndiko mtsikanayo ayamba kuzemba usiku atabisa nkhope, kukalanga oipa.

Mcewa womva nthanoyi akhoza kudabwa ndi lamulo la Silverland. Kwa Acewa ufumu umayenda m'bele la mkazi, wolowa pampando amakhala mbale wa mfumu kapena mwana wa mlongo wake, Nyangu ali ndi ulemu waukulu pa ufumu wa Kalonga, ndipo mipando ina ya kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, monga wa Kawaza ndi wa Nyanje, yakhalapo ndi mafumu aakazi. Ku Japan zinali zina. Akazi anaponya voti koyamba m'caka ca 1946, ndipo lamulo la 1947 limalola amuna okha kukhala pampando wa mfumu yaikulu ya dzikolo. Atsikana amene anali kuwerenga za Sapphire mu 1953 anali ana a amai amene anali atangoponya voti zaka 7 zapitazo. Kwa iwo nkhani ya mwana woyenera mpando, wokanidwa cifukwa ca cibadwa cokha, sinali nthano ya kutali.

Apa ndipo pagona ubwino wa bukuli. Sapphire sakhala pansi kudikira womuombola. Amaganiza, amalakwitsa, amagwidwa, amathawa, ndipo nthawi zina ndiye amapulumutsa mwamuna. Komabe a Tezuka sanamusandutse mwala. Amalira atate ake, amasirira maluwa ndi zovala zabwino, ndipo amavutika posadziwa kuti mwa mitima iwiriyo wake weniweni ndi uti. Mtsikana wa ku Vubwi amene m'mawa apambana anyamata pa masamu, madzulo nauzidwa kuti mkazi sayankha pamaso pa amuna, sangafune womasulira kuti amve vuto limenelo. Zojambulazo zimathandiza. Maso aakulu onyezimira, amene a Tezuka ndi ojambula ena monga a Macoto Takahashi anawazoloweretsa m'mabuku a atsikana, ali ndi nchito yake: mantha, manyazi ndi cikondi zimawerengeka m'maso mau asanalembedwe, kotero kuti ngakhale mwana amene akali kugwagwaja powerenga amaitsata nkhani mpaka kumapeto.

Bukuli lili ndi pofooka pake. Pamene mtima wa mwamuna ucotsedwa, dzanja la Sapphire limafooka pa lupanga, ngati kuti kulimba mtima ndi katundu wa amuna amene mkazi amangobwereka. Aliyense amene anaonapo mai akulima munda yekha, mwana ali kumsana, adziwa kuti pamenepo wojambula anaphonya. A Tezuka anali munthu wa nthawi yao, ndipo nthano yao imathera pa ukwati monga nthano zambiri zakale.

Nkhaniyi inakondedwa kotero kuti mu 1958 anajambula yotsatira yake, ya ana amapasa a Sapphire, m'magazini ya Nakayoshi. Kuyambira 1963 mpaka 1966 anaijambulanso yonse mwatsopano m'magazini yomweyo, ndipo mu 1967 inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema m'zigawo 52.

Pa zaka zimenezo ojambula ambiri a mabuku a atsikana anali amuna. Amene anasintha zinthu ndi atsikana omwe anakula akuwerenga a Tezuka. A Hideko Mizuno anayamba kujambulira Shōjo Club akali namwali. A Moto Hagio anatsimikiza mtima kukhala wojambula atawerenga buku lina la a Tezuka ali ku sekondale. M'zaka za m'ma 1970 akazi otere analanda bwalo lonse, nayamba kulemba za mbiri ya maiko, za mabanja osweka, za imfa ndi za maganizo obisika a mtsikana, mozama kuposa mphunzitsi wao. Mu 1972 a Riyoko Ikeda anayamba nthano yochedwa Berusaiyu no Bara, ya Oscar, mtsikana woleredwa ngati mnyamata amene akhala mkulu wa asilikali olonda mfumukazi Marie Antoinette pa nthawi ya cipolowe ca ku France ca 1789. Oscar safuna mtima wobwereka kuti alimbe; kulimbako n'kwake. Mu 1974 gulu lija la Takarazuka linaisewera nthanoyi, ndipo anthu anakhamukirako miyandamiyanda. Patapita zaka, magazini ya Nakayoshi inatulutsa Sailor Moon ya a Naoko Takeuchi, ya atsikana a sukulu omenyana ndi zoipa, imene inafalikira m'maiko ambiri.

A Tezuka eni ake sanakhale pa mtundu umodzi wa nkhani. Anakwatira a Etsuko mu 1959, nabala ana atatu. Mu 1961 anakhazikitsa kampani ya zithunzi zoyenda imene inadzachedwa Mushi Production, ndipo pa 1 Januwale 1963 Tetsuwan Atomu inayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema mlungu ndi mlungu. Anali kulandira nchito zambiri nthawi imodzi, kugona maola ocepa, akonzi a magazini atakhala pakhomo kudikira masamba. Ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada: mu 1973 kampaniyo inagwa ndi ngongole, ndipo ambiri anati nthawi ya a Tezuka yatha. Caka comweco anayamba Black Jack, nthano ya dotolo wa opaleshoni wopanda cilolezo, m'mene maphunziro ao a ku Osaka anagwira nchito pomaliza, ndipo dzina lao linadzukanso. Anajambulanso moyo wa Buddha kuyambira 1972 mpaka 1983.

Anamwalira ku Tokyo pa 9 Febuluwale 1989 ndi khansa ya m'mimba, ali ndi zaka 60, akali kujambula pa bedi la m'cipatala. Anasiya masamba ojambulidwa okwana pafupifupi 150,000. Nthano imene anaiyesa yaikulu pa zonse, Hi no Tori, ya mbalame ya moto yosafa, anaiyamba mu 1954, mbali ina naitulutsa mu Shōjo Club momwe munali Sapphire, koma inatsala yosatha. Mu 1994 mzinda wa Takarazuka unatsegula nyumba yosungiramo nchito zao, kamtunda kocepa kucokera pa nyumba ya masewero imene amai ao anali kuwatengerako ali mwana.