Johannes Kepler: wowerengera maulendo a mapulaneti

Ife amene tinagonapo ku Livingstonia kapena pamwamba pa Nyika m'boma la Rumphi timadziwa mmene thambo limadzazira ndi nyenyezi usiku wa mwezi wa June. Zina mwa zounikira zimene timaziona kumeneko ndi mapulaneti, maiko ozungulira dzuwa monga lathuli. Lero tikumbuke munthu amene anatulukira lamulo la kayendedwe kake, ali pakati pa mavuto oti ambiri a ife akanatifooketsa.

Johannes Kepler anabadwa pa 27 December 1571 ku Weil der Stadt, m'dziko la Germany. Bambo ake anali msilikali waganyu, ndipo anachoka pakhomo osabwereranso. Ali mwana anadwala nthomba, imene inamuononga maso. Komabe mu 1577 mayi ake, a Katharina, anakwera naye pamtunda kukamuonetsa nyenyezi ya mchira.

Cholinga chake chinali ubusa mu mpingo wa Lutheran, ndipo anakaphunzira za Mulungu ku Tübingen. Kumeneko mphunzitsi wake, Michael Maestlin, anamufotokozera maganizo a Copernicus akuti dziko ndilo limazungulira dzuwa. Mu 1594, maphunzirowo asanathe, anatumizidwa ku Graz kukaphunzitsa masamu. Guwa analiphonya, koma anadzazindikira kuti kufufuza zolengedwa nakonso ndi kulemekeza Mlengi.

Mu 1600 anapirikitsidwa ku Graz chifukwa chokana kusiya mpingo wake. Anapita ku Prague kukagwira ntchito ndi Tycho Brahe, amene kwa zaka zambiri ankalemba mosamala malo a mapulaneti. Tycho atamwalira mu 1601, zolembazo zinatsala m'manja mwa Kepler.

Apa ndipo tikuona mtima wake. Akatswiri onse ankakhulupirira kuti zakumwamba zimayenda m'mizere yozungulira ndendende. Kepler anayesa kuwerengera njira ya Mars motero, koma masamu ake anasiyana ndi miyezo ya Tycho pang'ono zedi, ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a m'mimba mwa mwezi wathunthu. Wina akanakwirira kusiyanako. Iye anataya ntchito ya zaka zambiri nayambanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1609 analengeza kuti njira ya pulaneti ndi yobulungira motalikirapo, ndiponso kuti pulaneti imafulumira ikayandikira dzuwa, nichedwa ikatalikira.

Lamulo lachitatu analipeza pa 15 May 1618, ndipo tingaliyese tokha pakhomo. Titenge mtunda wa dziko lathu kuchoka kudzuwa ngati muyezo umodzi, ndi chaka chathu ngati muyezo wa nthawi. Tikachulukitsa mtunda wa pulaneti ndi iwo wokha katatu, yankho limafanana ndi zaka za ulendo wake zitachulukitsidwa kawiri. Pulaneti ikanakhala pa miyezo 4, tikanati 4 x 4 x 4 ndi 64, ndipo popeza 8 x 8 ndi 64, ulendo wake ukanatenga zaka 8. Jupiter ili pa miyezo 5.2. Kuchulukitsa katatu kumatipatsa pafupifupi 141, ndipo nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imafika pamenepo ndi 11.9, kapena kuchepera pang'ono. Zoonadi, Jupiter imazungulira dzuwa kamodzi pa zaka pafupifupi 12.

Kepler anaganiza kuti dzuwa lili ndi mphamvu yoyendetsa mapulaneti, koma sanaifotokoze molondola. Isaac Newton ndiye anaonetsa mu 1687 kuti ndi mphamvu yokoka, yomweyi imene imagwetsa bango pamtengo. Mphamvuyi imachepa mtunda ukamakula, choncho pulaneti yakutali imayenda pang'onopang'ono pa njira yaitali. Nyenyezi yolemera imakoka kwambiri, ndipo mapulaneti ake amamaliza ulendo msanga. Masamu omwewa ndi amene akatswiri amagwiritsa ntchito poyeza mapulaneti a nyenyezi zina. Chombo chounikira kuthambo chimene bungwe la NASA linatumiza mu 2009, chotchedwa dzina la Kepler, chinapeza mapulaneti oposa 2,600.

Tisaganize kuti zonsezi anazichita ali pamtendere. Mu 1611 mwana wake wamwamuna anamwalira ndi nthomba, ndipo mkazi wake Barbara anatsatira chaka chomwecho. Atasamukira ku Linz mu 1612, mbusa wa mpingo wake womwe anamuletsa Mgonero wa Ambuye chifukwa sanafune kusaina chikalata cha chiphunzitso chimene chikumbumtima chake sichinachivomereze chonse. Sanauthawe mpingowo, ndipo sananame kuti amulandire.

Yesero lowawitsa linadza mu 1615, pamene mayi ake, odziwa mankhwala azitsamba, ananamiziridwa ufiti. Masiku amenewo chilango chake chinali kutenthedwa. Anamangidwa mu 1620 ali ndi zaka zoposa 70, nakhala m'ndende miyezi 14. Kepler anasiya mabuku ake, nayenda ulendo wautali kukawaimira pamlandu, akumasanthula umboni uliwonse monga ankasanthulira miyezo ya Mars. Anamasulidwa mu 1621, namwalira chaka chotsatira. Mako ndi mako angachepe mwendo.

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Tamva za agogo othamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, maliro akachitika mwadzidzidzi, nthawi zina adzukulu awo omwe akutsogolera. Lamulo lachisanu lija pa Eksodo 20:12 silinapatule makolo amene mudzi wawaloza chala. Kodi mudzi wonse ukanyamula miyala, ndani mwa ife adzaima pakhomo pa nkhalambayo n'kufunsa umboni?

Kepler anamwalira pa 15 November 1630 ku Regensburg, akulondola malipiro amene anali asanapatsidwe. Manda ake anafafanizika ndi nkhondo patangopita zaka zochepa. Usiku uno tikatuluka panja ndi ana athu, tiwaonetse thambo monga a Katharina anachitira, ndipo tipemphe Mulungu atipatse mtima wosabisa cholakwa chaching'ono, ndi wosataya kholo pa tsiku la manyazi.